Zimene Moto Unasiya ku Glen View

Moto utazima ku Glen View
anzanga ankafukula phulusa ndi mafosholo,
kusaka misomali ndi masipuling'i a masofa.
Ine ndinkafukula ndi zala.
Ndinkadziwa chiwerengero chake:
matchizulo asanu ndi awiri a malume Likaka,
amene anandisiyira chaka chimene ng'ala inawatseka maso.

Loyamba kutuluka linali lalikulu lija,
lamsempha ngati nsungwi yong'ambidwa pakati,
limene limadya ngodya za chipika
mpaka chileke kugunda, chiyambe kung'ung'udza.
Linali lotentha ndithu. Ndinaliponya pa lata.

Kenaka lamlomo wopendekeka,
lokongoletsa ntchito, losachedwa kupsa mtima.
Ukangoyang'ana kombi ikudutsa
limaluma mtengo, kusiya bala lozungulira.
Chipsera cha pa chala changachi ndi siginecha yake.

Kakang'ono kodulira,
kamene malume anasulitsa ku Magaba kuchokera ku tupa wakale,
ndinakapeza madzulo, katabisala pansi pa loko.
Lokumbira mbale, mwana wa sipuling'i ya lole,
linali litapindika msana.
Atatu enawo anagona pamodzi ngati ana a mimba imodzi.

Onse opanda mipini.

Mlombwa uja unadetsedwa ndi thukuta la zaka makumi anayi,
pamene chala chachikulu cha malume chinakumba kachigwa
ndipo changa chinkangogweramo osafunsa njira,
unapita ndi utsi cha ku Budiriro.

Makina ozunguza mtengo, amene timawatcha Chizungulire,
anaima chilili pa miyendo yawo ya njanji,
lamba atasungunuka, mota itanunkha ngati tsitsi lopsa.
Mwala wonolera unasweka pawiri.
Ndinayesa: zibenthu zonse ziwiri zikunola.
Koma kalipa, wamiyendo ya matewe uja,
ndinamupeza ali chiyasamire
pa muyeso wa mwendo wa tebulo la mayi wa ku Warren Park,
mwendo wachinayi, umene sindinaumalize.
Sindinamutseke.

Chitsulo chikapsa chimaiwala ukali.
Ndinachiwotchanso dala pa makala mpaka chifiire,
n'kuchimiza mu oyilo wakuda wa m'galaja,
chinalira, chinakumbuka.

Tsono funso linabwera lokha:
mpini umasemedwa ndi tchizulo,
nanga tchizulo lopanda mpini uligwira pati?

Ndinakulunga mchira wake ndi mphira ya chubu,
ndinabwereka mota kwa Fatsileni wa mabedi,
lamba ndinadula ku tayala.
Magetsi anabwera cha m'ma leveni usiku, monga mwa khalidwe lawo.
Ndinamanga nthambi ya jakaranda pakati pa mano awiri achitsulo,
kusendeza chotsamira mpaka chala chimodzi,
kuvala magalasi osweka diso limodzi,
nsalu kumphuno,
n'kukankha batani.

Chitsulo chinkanjenjemera mpaka m'mano.
Zipalapala zinauluka, zoyera, zopotana,
kugwera pa phulusa,
fungo la mtengo wauwisi kulimbana ndi fungo la mopsereza.
Sandipepa, phula la njuchi pa kansanza,
kachidutswa ka paipi yamkuwa kukhosi kuti usang'aluke.
Tambala wa ku Glen Norah asanalire
tchizulo loyamba linali litavala,
ndipo ilo linasemera anzake.

Lamlungu ndinakwera kombi ya ku Mufakose,
asanu ndi awiri onse m'thumba la feteleza.
Malume anali pakhonde, wailesi pa bondo.
Anatenga limodzilimodzi, kuyeza kulemera,
kupitsa chikhadabo pa mlomo,
kununkhiza.
Pa mpini anakhalitsa.
Chala chawo chinayendayenda, kufuna kachigwa kaja.

Akuti, Jakaranda uyu. Ngwofewa.
Ndikuti, Ndi amene analipo.
Akuti, Waterera kwambiri, Dunia, sakudziwa munthu.
Anandibwezera, mpini kutsogolo,
monga amaperekera mpeni kwa mlendo.

Lolemba ndinagula thabwa la mlombwa pangongole.
Kalipa anali chiyasamirebe.
Ndinayamba ndi mwendo wachinayi.